Siliva Wosagulitsika

Chaka chomwe nyanja ya Chilwa inaphwa, anthu n'kumapita ku Chisi wapansi, ndinasiyira amayi mwana wanga Esinati, asanayambe n'kuyenda komwe, n'kukakwera matola pa Songani kupita ku Limbe. Bambo ake anali atalowera ku Mozambique, ngakhale moni osatumiza.

Ndinapeza ntchito ya m'nyumba kwa bwana wina wokalamba. Mkaka unkandinyowetsa bulauzi, ndinkaufinyira m'sinki ndikulira, wina asaone. Bwanayo ankasunga ndalama zasiliva zakunja, iliyonse m'kabokosi kake, zosagulira kanthu, zongoyang'ana. Ine popukuta tebulo maso ndi makutu zinali pomwepo. Tsiku lina anaonetsa mlendo ziwiri zofanana, chithunzi chimodzi, kulemera kumodzi, koma mlendoyo anangokakamira imodzi. Ndinafunsa Che Bwanali, akhukhi a panyumbapo.

"Siliva ndi yemweyo, mwanawe," anatero. "Koma iyo chaka chake anasula zambirimbiri, iyi anasula zochepa. Sunaone mtengo wa matemba akasowa?"

Kenako kalata inabwera ndi wogulitsa mpunga wakwathu: Esinati watupa mapazi, tsitsi lafiira. Sindinama, ndinaba. Ndinasankha ya zochepa ija poti ndiyo yodula, ndinaimanga pansonga ya chitenje, n'kuthawa osatsanzika.

Ku Zomba ndinalowa m'sitolo ya bambo wina wogula zinthu zakale. Anaitembenuza ndalamayo, anawerenga chaka, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, ikanakhala inzake ija ndikanagula pompano, zija zili mbwee, palibe amafunsa. Koma iyi m'dziko muno tonse tikudziwa mwini wake. Tulukani. Sindinakuoneni."

Ulendo wonse wa kumudzi, galimoto iliyonse ndikuti apolisi aja ndi awa.

Esinati sanandizindikire, anabisa nkhope pachifuwa pa agogo ake. Miyendo ngati mabango, mapazi okha onenepa. Amayi anaiyesa ndalamayo m'dzanja.

"Miyezi yonseyi, iwe, wabwera ndi kachitsulo?"

Ndinawafotokozera za kusula zochepa, mawu akuthamangitsana. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Kuno zonse n'zochepa, mwana wanga. Chodula ndi ufa."

Kutacha anapita nayo kwa Anagama, amene amuna awo ali ndi chigayo. Iwo anaiboola ndi msomali, n'kuimangirira m'khosi mwa khanda lawo kuti lisamadzidzimuke. Anatipatsa mbale ziwiri za mgaiwa. Esinati anamwa phala masiku anayi. Mapazi sanasinthe.

Panopa ndimaiona pamjigo, ikulendewera pakachingwe, khanda likuiyamwa, chaka chija chili poyera, ndipo mlendo aliyense wovala nsapato akadutsa ndimagwidwa ndi mantha, ndowa osainyamula. Ndinkaopa kuti anthu andifunsa komwe ndinaitenga. Palibe wafunsa, ngakhale amayi, ngakhale akumpingo. Amangonditengera pambali n'kunong'ona ngati ndili ndi ina.