Bambo Ankayenda Manja Lende

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anatopa kudikira makamiyao, malole obweza anthu othawa nkhondo kwawo. Mtendere unali utabwera, mvula inali pafupi, ndipo kunkamveka kuti minda ya kwathu, kumtunda kwa mtsinje wa Revubue, ikutengedwa ndi amene afika msanga. Choncho tinachoka ku Mwanza wapansi: bambo, mayi, ine, ndi mlongo wanga Rozinya ali kumsana kwa mayi. Titadutsa malire pa Zobue tinasiya msewu n'kulowa m'mapiri, poti mudzi wathu sunali wa m'mbali mwa msewu.

Aliyense ankadziwa kuti m'nthaka imeneyo asilikali anasiyamo mabomba okwirira. Lamulo la ulendo linali limodzi. Bambo ankatsogola, patali ndithu, ife n'kumatsatira, phazi lathu likutera pomwe patera lawo. Ankavala nsapato za tayala zomwe zinkasiya chidindo pafumbi, ndipo pamene panali pouma ankalembapo ndi ndodo.

Anthu amandifunsa ngati mapiri a ku Zobue ndi okongola. Kaya. Ine ndinkangoona pansi. Ndimakumbukira fumbi, nyenje zikulira mpaka makutu kugontha, ndi fungo la masuku owola omwe sitinkaloledwa kutola ngakhale ali pafupi chonchi.

Dzuwa likapendeka bambo ankafuna thanthwe, chifukwa pamwala palibe amene angakwirirepo kanthu. Pamenepo tinkayala mkeka, kusonkha moto ndi nkhuni zomwe dzanja lafikira, ngakhale kutaya madzi tinkaima m'mphepete mwa mwala womwewo. Kukacha, bambo ankapereka machesi ndi mpeni kwa mayi, n'kuwalozera phiri loti tikadutse, mbali yoti likhale, ndi kumene kuli madzi. Ankabwereza mpaka mayi atanena okha. Ine ndinkangoti akudzionetsa kuti amadziwa dziko.

Chomwe chinkandiwawa chinali katundu. Mayi anali ndi mwana kumsana, mphika, makasu ndi chigubu cha madzi pamutu. Ine ndinasenza thumba la ufa ndi mkeka, khosi lochita kulowa m'mapewa. Bambo, munthu wamphamvu zake, ankayenda manja lende, kandodo kokha.

Mtima wanga ndi wapachala kuyambira kale, sindibisa. Tsiku lina masana, tili pachitunda chomwe sichinkatha, ndinakuwa kuti ine sindine bulu wa munthu, ngati ufawo akuufuna aunyamule okha. Ndinaponya thumbalo. Sindinaliponye panjira. Linagubuduzika m'mbali n'kukaima m'udzu wautali momwe simunaponde munthu.

Ufa wathu wonse unali umenewo.

Bambo anabwerera, akuponda m'mapazi awo omwe. Sanandiyang'ane. Anavula jekete n'kupatsa mayi, kenako anatiuza kuti tibwerere kuseri kwa mwala waukulu womwe tinali titaudutsa, tikakhale pansi, tisadzuke mpaka atatiitana.

Kuseri kwa mwalawo mayi anamasula Rozinya n'kumuika pamiyendo, anamutseka makutu ndi zikhatho. Analankhula osanditembenukira, mawu ake ngati akunena za mvula.

"Zeka, ukuyesa bambo ako sanyamula chifukwa cha ulesi? Akaponda, ufa utsale. Machesi atsale. Ifenso titsale."

Sindinalire, sindinaope. M'mutu munangoti zii. Ndinkayang'ana nyerere zikukwera mwala, ndikumvetsera udzu ukuthyoka pang'onopang'ono, kusiya, kuthyokanso. Nthawi yomwe inapita sindiidziwa.

Palibe chinaphulika. Anatiitana. Tinawapeza ataima panjira, malaya atanyowa ngati agwa mumtsinje, thumba lili pamapazi awo. Ndinkadikira khofi, ndipo ndikanalilandira. Iwo anangokweza thumbalo, kuliika pamutu panga, kulikonza bwino kuti likhazikike.

"Tiye," anatero, n'kulandira jekete lawo, n'kupitanso kutsogolo.

Sindinapepese, iwonso sanaitchulenso nkhaniyo mpaka kufa. Munda tinaupeza, uli tchire lokhalokha koma mitengo ya mango ikadalipo, ndipo tinadzala mvula yoyamba isanathe. Tinaulima zaka zambiri. Kenako kunabwera a kampani ya malasha, tinauzidwa kuti pansi pa mundawo pali chuma, ndipo anatisamutsira ku Cateme. Tsiku losamuka bambo, atakalamba, anakwera kamiyao pomalizira penipeni, atakumbatira mphika uja pamiyendo, thumba la mbewu lili paphewa. Ndinati ndiwalandire, anakana. Kanali koyamba kuwaona atanyamula katundu paulendo. Pamsewu umenewo panalibe choti aponde.

Lero ndimagwira ntchito kumgodi ku Moatize, ndipo ndimakalipabe msanga, akazi anga angakuuzeni. Koma ndikaona munthu akuyenda patsogolo pa banja lake manja ali lende, sindifulumira kumutukwana. Ndimayamba ndayang'ana chimene wawasiyira a kumbuyo. Bambo ankadzuka m'mawa uliwonse n'kugawa zonse zofunika kuti tikhale moyo popanda iwo, ine ndili pomwepo ndikuona, n'kumangowerengera kulemera kwa thumba langa.