Manda Othira Simenti

Ulendo wa ku Romania anaukonza ndi amuna anga, madokotala atangowauza kuti khansa yabwereranso. Ine ndinkafuna tipite kumudzi ku Dedza, koma iwo anati mapiri akwawo amawadziwa kale, akufuna aoneko ena maso adakali openya. Ndinapempha masiku asanu kunyumba yosamalira okalamba ya ku Oadby, kufupi ndi mzinda wa Leicester, komwe ndimagwira ntchito, basi tinanyamuka.

Basi ya alendo inkatizungulitsa m'midzi ya m'mapiri imene anamanga Ajeremani obwera kudzakhazikika kumeneko kalekale. Nyumba zake zogundizana, matchalitchi okhala ndi mipanda ngati ndende. Zidzukulu zawo zambiri zinabwerera ku Germany, m'misewu munangotsala atsekwe ndi nkhalamba. Ine zinkangonditopetsa, nsapato zikundithina, koma bambowo ankajambula chilichonse, ngakhale chitseko.

Pamudzi wina, mayi wosunga makiyi a tchalitchi anatitengera kumanda. Manda ambiri anali othira simenti pamwamba ponse, opanda ndi duwa lomwe. Wotiperekeza anafotokoza kuti mabanja ankatero posamuka, podziwa kuti sipadzakhalanso wolambula.

Amuna anga anakhala pabenchi, akupuma movutikira.

"Mayi a ana, ine mudzandiike ku Leicester konkuja. Poti muzitha kukwera basi mukaweruka kushifiti, ana n'kumabwera Lamulungu."

Ndinapsa mtima. "Mukufuna abale anu adzanene kuti ndakudyani ndine, n'kubisa mtembo? Musandiyambe, tabwera kudzaona malo kuno."

Anangoseka pang'ono, osabwerezanso. Nkhaniyo ndinaitseka ndekha ndi pakamwa pangapa, ndipo mpaka lero ndimadzida nazo.

Anamwalira patatha miyezi isanu ndi iwiri. Mafoni ochokera kumudzi sankaduka: alamu anga, apongozi, atsibweni awo, onse mawu amodzi, mwana wathu abwere adzagone pafupi ndi bambo ake. Mwana wathu wamkazi, wobadwira kuno, anandiuza m'Chingelezi, akulira, kuti iyenso adadi ake anamupempha kuti adzaikidwe ku Leicester. Ndinamukalipira kuti za kwathu sazidziwa. Zoona zake n'zakuti ndinaopa kunenedwa. Tinanyamula maliro, tinakaika ku Dedza, ndipo patatha milungu iwiri ndinali nditabwerera ku Evington, dera la Leicester komwe timakhala, ndikusambitsa makolo a eni.

Basi imene ndimakwera pochokera kuntchito imadutsa pafupi ndi manda. Ndimaona anthu akulowa pageti atanyamula maluwa ndi tizitini tothirira, ena ndi timipando topinda. Ine ndimayang'ana kumbali mpaka tidutse. Mwana uja nkhani ya adadi ake sakambanso nane.

Chaka chatha alamu anga, achimwene a malemuwo, ananditumizira chithunzi pafoni. Ntchito anaigwira bwino, ndiponso ndi mtima wabwino, sindingawanene. Pansi pa chithunzicho analemba kuti:

"Alamu, tathira simenti ponse kuti udzu usamamere, poti inu ndi ana muli kutali."