Chizungulire cha a Ezeliya m'chigafa

Kuno kwa Nsaru, ukafunsa za munthu wodziwa kusoka fodya, aliyense akulozera kwa a Ezeliya, anansi anga a kuseri kwa mpandawu. Mutu unayera kale, koma singano ikakhala m'manja mwawo, atsikana amangoti kukamwa yasa. Chimwalirireni amuna awo, ankakhala ndi mwana wawo Olive ndi mkamwini wawo a Mavuto, mwini chigafa.

Chaka chatha kuchipatala anawapeza ndi BP yokwera, n'kuwapatsa mapiritsi, ena okodzetsa. Vuto linagona pamenepo. Chimbudzi cha pakhomopo chili kuseri kwa chigafa, ndipo kuti ukafike uyenera kudutsa pomwe a Mavuto amapachika fodya. Inu mukudziwa, mpongozi ndi mkamwini ngakhale panjira amapatukirana. Ndiye mayi wamkulu azingodzuka, azingodutsa, mkamwini akuona? Iwo anati ayi, bola ludzu. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ali tambalale pansi, thukuta lili kamukamu, madzi osalawa ngakhale dontho.

Akati adzuke, m'maso munkachita mdima, dziko n'kumazungulira. Kwathu kuno chizungulire chilichonse timati BP yakwera, eti? Ndiye ankamasula mfundo ya chitenje, n'kumeza piritsi lina lowonjezera, mwakabisira. Paja anali atagwapo kale pa mjigo, ndipo Wilfred, mwana wawo wa m'tauni, anawaimbira foni. Ine ndinali poyanika zovala, mawu ankangobwera okha m'khutu.

"Amayi, mukangogwanso ndikubwera kudzakutengani. Sindikufuna kudzamva uthenga wa maliro."

"Unditengere kuti? Kokandiika m'mpanda wa njerwa ngati nkhuku yachizungu? Nanga fodya wa anawa asoka ndani?"

Tauni ankaiopa kuposa manda. Moti chizungulire chikachuluka, mapiritsinso ankachuluka, kuti asagwe, Wilfred asamve.

Tsiku lake linali lotentha, mvula itadula. Anasoka mulu wonse, nati aimirire. Anangoti sitepe imodzi, khu! Chipumi pamtengo wa chigafa, magazi chuchuchu. Olive anali kudimba. A Mavuto anadumpha kuchokera pamwamba, naima kaye manja ali m'malere, kusowa pogwira. Kenaka anaiwala zamwambo, nawanyamula ngati khanda. A Ezeliya atatsegula maso n'kuona nkhope ya mkamwini pafupi chonchi, anadzifunditsa chitenje kumutu.

"Nditsitseni, bambo, mukundilaula."

"Mundikhululukire, amayi, manyazi tidzachita mawa."

Anawakweza pa njinga yamoto, ine kumbuyo nditawagwirira. Kuchipatala namwino anawayeza atagona, n'kuwayezanso ataimirira, napukusa mutu.

"Agogo, BP yanutu yatsika kwambiri. Kodi mumamwa angati?"

"Momwe munanenera. Kungoti ikakwera ndimawonjezera."

"Mumadziwa bwanji kuti yakwera?"

"Chizungulire, mwanangu."

"Chizungulire chimenecho n'cha kutsika! Mumathira madzi pa nyumba yoti yanyowa kale. Nanga madzi akumwa, mumamwa?"

A Ezeliya anangoyang'ana kukhomo komwe a Mavuto anaima chipewa chili m'manja, ndipo a Mavuto anazindikira, nazyolika.

Namwino anawasinthira a Ezeliya mankhwala, nawauza kuti azimwa madzi ndi kudzuka pang'onopang'ono, azikhala kaye asanaime. M'mawa mwake a Mavuto anadula udzu, namanga kampanda kuchokera pomwe apongozi amakhala mpaka kuchimbudzi, kuti azidutsa osaonana.

Koma bala la pachipumi silibisika, ndipo Olive, mantha atamugwira, anali atamuimbira kale foni Wilfred. Loweruka galimoto inafika. A Ezeliya anayesa kufotokoza kuti matenda apezeka, mankhwala asintha, mpanda uwo taona. Wilfred anangoyang'ana bandeji ija, n'kunyamula chikwama.

Kampandako kakadalipo, udzu wake sunaume n'komwe. Fodya akusoka atsikana aganyu, ndipo masamba akumapulumuka n'kugwa pansi. Dzana a Ezeliya anandiimbira ali kutauni. Akuti chizungulire chinatha, madzi akumwa, chimbudzi chili m'nyumba momwemo. Kenaka anatsitsa mawu.

"Anzanga, mukaone patsindwi la khitchini, ndinasomekapo singano yanga. Muisunge, isachite dzimbiri."

Ndinakaitenga. Koma Wilfred, momwe ndikumudziwira ine, sawabweza.