Makina a Bingo a ku Speedway

Ndinafika ku South Bend, ku America, mu 2012 kutsatira mayi akunyumba, amene anali atapeza ntchito ya unamwino. Kumudzi ndinali wamagetsi, zaka khumi ndi zisanu ndikuyala mawaya m'nyumba za ku Chilomoni, koma kuno mapepala anga panalibe wowayang'ana. Miyezi isanu ndinangokhala pakhomo. Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, a Gondwe, mkulu wa mpingo, anandikokera pambali.

"Achimwene, pali mzungu wina wachikulire, neba wanga, akufuna munthu wodziwa mawaya. Si ntchito yonyadira, koma kayambireni pomwepo."

Mzunguyo anali a Walt, ndipo ankakonza makina akale a bingo m'galaja kuseri kwa nyumba yawo. Ndinali ndisanawaonepo makina otere. Ndi bokosi la miyendo inayi, ndipo pansi pa galasi lake pali thabwa lopendekeka la mabowo makumi awiri ndi asanu, lililonse ndi nambala yake. Kumutu kwaima bokosi lina la galasi lojambulidwa, pomwe pali khadi la bingo. Umaponya ndalama yachitsulo, n'kukoka kandodo ka sipulingi kotumiza kampira kachitsulo kumtunda. Kampirako kamatsika kakugunda timisomali mpaka kugwera m'bowo, nambala ya bowolo n'kuyaka pakhadi. Timipira ndi tisanu. Manambala atatu kapena kuposa apo akayaka mumzera umodzi ndiye kuti wawina, ndipo kamita kowerengera magemu kamalira khwa khwa khwa kukupatsa magemu aulere. Mulibe timapiko tobwezera mpira ngati m'makina a pinibolo a masiku ano. Luso lako ndi kugwedeza bokosilo pang'ono kuti mpira ulambalale bowo limene sukulifuna. Ukagwedeza mopyola, makina amazima, gemu yathera pomwepo.

A Walt ankati kale makinawa ankakhala m'mabala, anthu akutchovera juga mobisa, ndipo apolisi anaphwanya ambiri ndi hamala. Otsalawo ndi amene osonkhanitsa zakale amalimbirana lero. Ena amafera zithunzi za pagalasi, ena amati amawakumbutsa bambo awo. Ine chinandikopa ndi m'kati mwake: mota, magudumu a mano, masuwichi odzitsegula okha otchedwa marileyi, ndi mitolo ya mawaya, zonse zikuwerengera popanda kompyuta.

Manja a Walt ankanjenjemera, moti sankathanso kugwira chowotcherera mawaya. Ankakhala pampando ndi kapu ya khofi, n'kumaloza. Tsiku loyamba anandiuza kuti, "Usakhudze chilichonse usanawerenge chithunzi cha mawaya. Ndiponso mafuta sayandikira pamene padutsa magetsi." Pa ichi chokha ndimawathokoza.

Nyengo yozizira ya chaka chachiwiri anatibweretsera makina amene anapezeka m'khola la ng'ombe. Mbewa zinali zitamanga zisa m'kati ndi kutafuna mawaya. Mwini wake anali a Dennis, dokotala wa mano wopuma pantchito wa ku Speedway, ku Indianapolis. Ndinakhala ndikukonza makinawo miyezi inayi. Ndinamasula gudumu lililonse, kulitsuka ndi sipiriti, kulibwezera. Ndinapala timilomo ta masuwichi ndi kafayilo, n'kupima mipata yake. Chovuta koposa chinali gudumu lofufuza, limene limazungulira ndi tizala tachitsulo kuyang'ana ngati wosewera wawina. Usiku ndinkalilota. Pamene a Dennis ankaimba foni, ndinkamva a Walt akuti, "Ndatsala pang'ono kumaliza." Ndinkangokhala chete, poganiza kuti amene ali ndi maso adzaona yekha.

Linafika tsiku lokapereka. Ndinadiraiva vani maola atatu, a Walt akusinza. Kwa a Dennis tinapeza azibambo asanu ndi mmodzi, onse osonkhanitsa makinawa, akudikira m'chipinda chapansi momwe munali makina ena atandandalikidwa kukhoma. Ndinatsitsa mutu wa makina pamasitepe ndekha ndi kangolo, msana ukuchita ngati uthyoka, kenako bokosi lalikulu. Nditamanga miyendo ndi kulumikiza mapulagi, a Dennis anandipatsa dzanja.

"Nanga awa ndani?"

"Mnyamata wondinyamulira katundu," anayankha a Walt.

Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndi ana atatu.

A Dennis anaponya ndalama, magetsi anayaka, anthu anaomba m'manja. Pampira wachinayi manambala atatu anayaka mumzera. Aliyense anatchera khutu ku kamita. Zii. Gudumu lofufuza linkangozungulira osapeza kanthu.

A Walt anatsegula kuseri, nasuzumira, nagwira apa ndi apo, sikuludiraiva ikugogoda pachitsulo chifukwa cha kunjenjemera kuja. Patapita nthawi anadzuka.

"Wawagunditsa pamasitepe mnyamatayu. Ndimamuuza kuti azisamala. Tibwerera nawo."

Onse anandiyang'ana. Sindinagunditse paliponse, ndipo iwo ankadziwa. Ndinapempha tochi, n'kugwada. Kachala kamodzi ka gudumu lija kanali katanyamuka pang'ono ndi kugwedezeka kwa pamsewu, osakhudzanso timitu tamkuwa timene kamayenera kudutsapo. Ndinazimitsa, kukapinda ndi pulayazi yosongoka, n'kuyatsanso. Ndinachotsa galasi ndi kuika timipira titatu m'mabowo omwe aja. Khwa khwa khwa khwa. Sizinathe mphindi zisanu.

A Dennis anayang'ana ine, nayang'ana manja a Walt.

"Walt, makinawa wakonza ndani kwenikweni?"

"Ndimamuonetsa pogwira," anatero a Walt. Mmodzi wa azibambo aja anandifunsa dzina langa, koma a Walt anali atayamba kale kukwera masitepe, akuti tikachedwa tipeza msewu utaterera ndi madzi oundana.

Tinayenda mpaka kudutsa tauni ya Kokomo. Kenako a Walt, maso ali kuwindo, anati, "Wandichititsa manyazi pamaso pa anthu amene ndawadziwa zaka makumi atatu. Lolemba usabwere."

Ndinawafikitsa pakhomo pawo, n'kuwatsegulira chitseko cha vani monga mwa masiku onse, chifukwa ndi mmene ndinaleredwera. Nditafika kunyumba, mayi akunyumba anangoona nkhope yanga.

"Abambo ake Tadala, akufayalani?"

Ndinavomera ndi mutu. Mwana wanga wamkazi anafunsa m'Chingerezi ngati ndinalakwitsa kanthu.

Patapita zaka ziwiri tinasamukira ku Lawrence, pafupi ndi Indianapolis, ndipo tsopano ndimakonza magetsi m'nyumba zosungira okalamba. Ndinamva kuti makina aja anaonetsedwa pachionetsero china, ndi kakhadi kolemba kuti ndi ntchito yomaliza ya a Walt. Anthu amati ndikhululuke poti anali nkhalamba yoopa kutha ntchito. Mwina. Koma ndimadzikwiyiranso ndekha, chifukwa miyezi inayi yonse ndinali pomwepo, ndikumva foni zija, pakamwa nditatseka, n'kumati ndi ulemu. Lero ndikamaliza kukonza chinthu, kaya ndi soketi chabe, sindichoka msanga. Ndimafunafuna mwini wake, kumuyang'ana m'maso, n'kumuuza chimene chinavuta, chimene ndachita, ndi dzina langa lonse.