Mayi Zhor, Wophikira Alendo Kwawo

Zhor anabadwira mumzinda wakale wa Fezi, m'nyumba ya makoma aatali yokhala ndi kasupe pakati pa bwalo ndi mtengo wa malalanje pambali pake. Bambo ake ankasoka nsapato zachikopa. Anakwatiwa akadali mtsikana, koma ukwati unatha poti mphatso ya mwana sinabwere. Anabwerera pakhomo, ndipo ndi iye amene anadwazika mayi ake, kenako bambo ake, pomwe mchimwene wake Abdelhak anali ku Belgium akuyendetsa basi.

Maliro a bambo atangotha, Abdelhak anati nyumba igulitsidwe.

"Denga likudontha, makoma akugumuka. Ukufuna idzakugwere uli m'tulo?"

Pa chuma cha masiye, gawo la mwana wamwamuna linali lalikulu, mawu akenso anali aakulu. Zhor analibe womuikira kumbuyo. Anamanga mabulangete ndi miphika, n'kukachita lendi kachipinda kunja kwa mpanda wa mzinda.

Wogulayo anagulitsanso, mpaka nyumba inagwera m'manja mwa a Noureddine, mkulu wina wa ku Kasabulanka, amene anaikonza n'kuisandutsa yogona alendo. Mwini uvuni wa buledi ndiye anauza Mayi Zhor kuti kumeneko akufuna wophika. Anapita, n'kugogoda pachitseko chomwe kale ankangokankha ndi phewa. Sananene kuti iwo ndi ndani. Anthu a m'kanjira kameneko ankadziwa, koma anawasungira ulemu, osatulutsa mawu.

Khitchini inali pamalo pake pakale, ndipo m'menemo anapezamo mtendere wa mtundu wake. M'mawa ankakanda ufa, kukazinga mikate yopyapyala yodyera uchi, kuika maolivi m'timbale ndi kufulula tiyi wa timbewu tonunkhira. Mayi Zhor ankaonera alendo pakazenera. Alendowo ankabwera atatopa, katundu wawo ali pabulu, n'kuyamba kujambula chilichonse, ngakhale mphaka. Ena ankayanika zovala zamkati pomwe malemu mayi a Zhor ankayanika ubweya. Wina anadandaula kuti kuitana kwa kumzikiti kwamudzutsa. A Noureddine ankauza alendo kuti nyumbayi inali ya nduna ya mfumu, yomwe inali ndi akazi anayi, aliyense chipinda chake. Mayi Zhor ankamva, n'kumapitiriza kudula anyezi.

Zaka zinapita choncho. Tsiku lina masana anamva mawu pabwalo, mawu amene akanawazindikira ngakhale pakati pa msika. Anali Abdelhak, imvi mbuu, mimba patsogolo, ali ndi mkazi wake wachizungu. Anali atapuma pantchito, ndipo anabwera kudzagona m'nyumba ya makolo ngati mlendo. Mwambo wa panyumbapo unali woti mlendo akafika, wophika atulutse tiyi. Mayi Zhor anapukuta manja, n'kunyamula thireyi.

Abdelhak anawayang'ana kawiri. "Zhor? Ukutani kuno?"

"Ndikugwira ntchito, achimwene. Shuga ndithire?"

"Bwanji sunandiuze?"

"Munafunsa liti?"

Iye anaseka kwambiri, ngati wamva nthabwala, n'kutembenukira kwa a Noureddine. "Uyu ndi mlongo wanga. Tonse tinabadwira m'chipinda icho." Kenako anagwira Mayi Zhor paphewa. "Iwe ndiye wamwayi. Ife tikufa ndi chisanu kunja uko, iwe ukudya malalanje a bambo."

"Malalanjewo ndi a alendo," anatero Mayi Zhor.

Abdelhak anagona m'chipinda cha mayi awo. Ankadzuka dzuwa lili pamutu, n'kumaonetsa mkazi wake pomwe anagwa ali mwana, pomwe ankabisala akaba shuga. Anabwera kukhitchini kamodzi kokha, kudzanena kuti msuzi wa nyemba ndi nyama sukufika pa uja ankaphika malemu mayi. Potsanzikana anawasiyira bokosi la chokoleti. Sankadziwa kuti mlongo wake ali ndi matenda a shuga.

Bulu wonyamula katundu wa Abdelhak asanakhote n'komwe, a Noureddine anali kale pakhomo la khitchini, maso akuwala ngati munthu amene watola golide pamsewu.

"Amayi, munabadwira muno, chinthu chotere mumabisa? Alendotu amafuna zimenezi."

"Amafuna chakudya, bwana, ndipo ndimawaphikira."

"Kuphika aliyense angaphike."

Sabata yotsatira kunabwera mtsikana wochokera kusukulu ya zophikaphika, wovala chipewa choyera, n'kusuntha miphika yonse. A Noureddine anagulira Mayi Zhor mkanjo wobiriwira wa ulusi wonyezimira, n'kuwaikira mtsamiro pansi pa mtengo wa malalanje. Ntchito yawo tsopano inali kukhala pamenepo madzulo, kuthira tiyi ndi kukamba za kale, a Noureddine akumasulira.

Iwo ankanena zoona. "Bambo anga anasoka nsapato mpaka maso anachita khungu. Nthawi yozizira tinkagona tonse chipinda chimodzi, makala akatha tinkafunda zikopa."

A Noureddine ankalankhula nthawi yaitali m'Chifalansa, manja akuloza kumwamba, alendo n'kumapukusa mitu mosirira. Mayi Zhor sankadziwa Chifalansa, koma liwu loti nduna anali atalimva kokwanira. Anazindikira kuti asanduka mdzukulu wa nduna ija. Azimayi achilendo ankawakumbatira, kuwagwira masaya, kuwauza kuti amwetulire. Chithunzi chawo chinapachikidwa polowera.

Nkhani inatuluka kunja. Anthu omwe aja anawasungira ulemu ali wophika, tsopano anayamba kuwaseka. Akamadutsa pauvuni, wina ankati, "Patukani, mfumukazi ikudutsa." Wogulitsa makala anawafunsa ngati angamupezere ntchito kunyumba yachifumu.

Anapita kwa a Noureddine. "Bwana, ndibwezereni kukhitchini."

"Mwakula, amayi. Anzanu amapempha mpando, inu mukuukana?"

"Mpandowo ukundiwotcha."

"Muzolowera."

Sanazolowere. Mvula yoyamba itagwa, anapinda mkanjo uja bwinobwino, n'kuusiya pamtsamiro. Anatuluka masana, alendo akudya, ndipo palibe amene anawaitana.

Masiku ano Mayi Zhor amakhala m'kakona kena kamsika, pambali pa chiwaya chamoto, akupanga timapepala topyapyala ta mtanda wa ufa tomwe amayi amagula pokonza zakudya za ukwati. Nsonga za zala zawo zinapsa mpaka sizimvanso kutentha. Pa tsiku la Idi, Abdelhak anaimba foni kwa mayi woyandikana nawo, ndipo mayiyo anathamanga nayo kumsika.

"Ndamva kuti unasiya ntchito yabwino ija. Yongokhala pansi, n'kumamwa tiyi. Anthu ena simuthandizika."

Mayi Zhor anamvetsera mpaka anamaliza. Anamufunira Idi yabwino, iye ndi a kunyumba kwake, n'kubweza foni kwa mwini wake. Panali mzere wa anthu, ndipo mtanda unali utayamba kuuma.