Khoma la ku Chia Alipaka Laimu

Anaphiri, mkazi wanga, lero chatha chaka chigonereni inu m'manda. Ndikumbuka tsiku lija munalemba ndi khala pakhoma la nyumba yathu ku Chia, pokonzekera kuphunzitsa ana Chingerezi: kachizindikiro kosonyeza mwini chinthu katsogolera chilembo cha s mwini akakhala mmodzi, nikatsata s eni akachuluka. Ndinakudzudzulani kuti mwadetsa khoma. Munaseka, nimunati, "Abambo, njerwa munaumba ndinu, koma khomali n'langanso."

Taonani, alongo anu atandisudzula anandibweza kwathu ku Kanyenda, pakuti ndine mkamwini chabe. Dzulo ndinapita kukapempha kuti ndione zolemba zanuzo. Anandiimika pabwalo ngati mlendo. Khomalo analipaka kale laimu, popeza m'nyumbamo mulowa mwana wawo. Ambuye wakumwamba alamula kuti ndiwakhululukire alongo anuwo, koma kufikira lero ndalephera.