Botolo la masamba ndi chifuwa cha alamu anga

Lamulungu lapitali chiperoni chinagwa kuyambira m'mawa, moti munda wa tiyi wa kutsidya kwa msewu sunkaoneka. Nyengo yotere ndi imene ndimatulutsa mabotolo anga awiri. Lina ndi la burande. Linalo ananditumizira mwana wanga wa ku Joni: mowa wotsekemera wopangidwa ndi uchi ndi zitsamba, ndipo papepala lake anajambulapo masamba.

Kasakanizidwe kake ndinakaonera kukalabu ya mabwana ndili kalaliki wa sitolo pa esiteti. Mumayamba ndi wazitsambayo, muyeso umodzi pansi pa tambula. Kenako burande muyeso womwewo, koma mumamutsanulira pamsana pa supuni, pang'onopang'ono, kuti akhale pamwamba. Osati kukhuthula ngati mukuthirira dimba. Pakumwa simugugudiza. Mumalawa, n'kucheza, n'kulawanso.

Tinali pakhonde ndi a Muhiwa, aneba anga amene ankayendetsa lole ya tiyi, pamene anatulukira alamu anga a Namaona, achimwene awo a mayi a kunyumba kwanga. Iwowa ndi mkulu wampingo wosunga Sabata cha ku Thekerani. Anakalambira pa ukapitawo m'minda ya tiyi, koma tiyiyo sanamulawepo. Ndiye za mowa musachite kufunsa. Anafika akutsokomola ngati injini ya chigayo.

Ndinalowa m'nyumba kukawatengera mpando. Potuluka ndinapeza supuni yanga ili m'manja mwawo, yodzaza, ikulowera kukamwa.

"Alamu," iwo anatero, "mpaka kubisa mankhwala m'bale wanu akutha ndi chifuwa?"

Sindikuwanena. Botolo lakuda, masamba papepala, supuni pambali. Ndani wa kwathu kuno sangati ndi mankhwala? Koma owathirirawo anali a Muhiwa, ndipo ankanditsinzinira diso.

"Imwani, akulu ampingo," anatero a Muhiwa. "Azitsamba enieni. Masupuni awiri, chifuwa chikagona ku Nsabwe."

"Alamu, ikani pansi supuniyo," ndinatero. "Ndi mowa umenewo, waukali kuposa masese onse a m'mudzi muno."

Anaiika pang'onopang'ono ngati muli njoka.

"Aaa, inunso achimwene, mwaononga sewero," anadandaula a Muhiwa. "Kasupuni kamodzi kangaphe munthu?"

Sikangaphe. Koma pakamwa pa a Muhiwa ndikupadziwa. Likanafika Lolemba, pamjigo ndi pachigayo nkhani ikanakhala yoti mkulu wampingo analedzera kwa alamu ake. Nanga Loweruka akanaima bwanji kutsogolo? Ndipo ngakhale pasamve munthu, mwini wakeyo analonjeza pa tsiku la ubatizo kuti sadzalawa mowa, n'kusunga lonjezolo mpaka imvi. Lonjezo lotere likathere pa khonde langa, kuti munthu wina aseke?

Khalidwe limeneli latikulira. Paukwati wina amathira kachasu m'thobwa la mnzake amene anasiya mowa. Wina amapatsa mlendo nkhumba n'kumati ndi mbuzi, podziwa kuti sadya, ndiye akameza mpamene amamuululira, anthu m'manja wuwuwu. Timati nthabwala. Nthabwala yanji yoseka mmodzi, mnzake n'kupita kwawo akudzimva wodetsedwa? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nanga awa oyenda ndi mabotolo m'misika ndi m'maminibasi? Botolo lopanda dzina, lopanda pepala, akuti limachiza msana, shuga ndi nsanje yomwe. Mukafunsa kuti muli chiyani, yankho n'lakuti, "Ndi zitsamba, madala." Basi. Mawu amenewa akangomveka, tonse timayasama. Ana anga amandiseka kuti ndimasunga mapepala onse m'sutikesi, ngakhale kapepala komangidwa pakhosi pa botolo. Asekeni. Ine chinthu chosafuna kunena dzina lake sichidutsa pakhosi panga.

Musaganize kuti ndikudzudzula mowa. Tambula yanga ndinamwa tsiku lomwelo, ndipo inakoma. A Muhiwa ndinawasakanizira yawo, koma atayamba apepesa, chipewa chili m'manja. Mlongo wawo anawaphikira alamu madzi a ndimu ndi jinja. Tinakhala atatu pakhondepo, aliyense ndi chake, chiperoni chikuyenda m'mabulugama.

Pakati pa macheza alamu anapempha tambula yanga.

"Kununkhiza lamulo silikaniza," anatero. Ananunkhiza nthawi yaitali ndithu, n'kubweza. "Ee, mayesero amadziwa kuvala bwino."

Powaperekeza kumsewu anandigwira mkono. "Alamu, ndinu wakumwa, ndipo sindisiya kukupemphererani. Koma pakhomo panu ndingalandire chikho nditatsinzina."

Mawu otere sindinawamvepo ngakhale kwa mabwana amene ndinawasungira sitolo zaka zonse zija.

Nanga inu, mlendo wosadya zimene mumadya, wosamwa zimene mumamwa, angalandire chikho pakhomo panu atatsinzina?